Fungo Limene Atate Anabwera Nalo Kuchokera ku Boma

Chaka chimene makolo anga anakadalitsa ukwati wawo kutchalitchi, ine ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana. Atate ndi amayi anali atakhala limodzi zaka zoposa makumi atatu, atabereka ana asanu ndi mmodzi, ine wachitsiriza. Anakwatirana mwamwambo, ankhoswe alipo, koma kutsogolo kwa mpingo anali asanaimepo. Abusa atsopano atabwera kwathu ku Nkomeshya anayamba kulimbikitsa mabanja akale kuti adalitse maukwati awo. Amayi anavomera tsiku lomwelo. Atate anakana kwa miyezi ingapo, ankati munthu wa imvi sangaime pamaso pa anthu ngati kamnyamata. Kenako tsiku lina ali pakati pa kudya anangonena kuti zichitike mu Ogasiti, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ndipo anapitiriza kudya ngati sananene kanthu.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditangophunzira kumene kudzithira sipuleyi yonunkhiritsa thupi. Kwathu tinakula ndi sopo ndi mafuta odzola basi. Chitini changa choyamba anandipatsa ndi mlamu wanga pamene ndinkapita kukoleji, ndipo ndinkadzipopera ngati ndikupopera tomato kudimba. Ndinkathira pabulauzi, pasiketi, m'tsitsi, ngakhale pachikwama. Chipinda chonse chinkadzaza fungo, koma pofika nthawi yopuma ya m'mawa ndinkadzinunkhiza osamva kanthu. Chitinicho chinatha pasanathe masabata atatu.

Amene anandithandiza anali mayi wina amene ndinkagona naye chipinda chimodzi. Anali wamkulu kwa ine, wa ana awiri, wochokera m'banja la anthu a ku Katete amene anakhazikika ku Chongwe kalekale. Ndinkawaitana kuti asisi. Iwo ankadzithira pang'ono kwambiri, koma madzulo akamavula juzi fungo lawo linkamvekabe. Nditagula chitini chachiwiri anandilanda m'manja ndisanayambe kuwononga. Anandiuza kuti khungu louma lili ngati mchenga, limamwa n'kuiwala. Anati ndizidzithira ndikangochoka kosamba, thupi likadali lozizirira, ndipo ndiziyamba ndadzola pang'ono mafuta aja olimba opanda fungo pamalo pamene magazi amagunda: pamikono pafupi ndi chikhatho, kuseri kwa makutu, pakhosi, ndi mkati mwa zigongono. Chitini chizikhala patali ngati kutalika kwa dzanja, kukanikiza kamodzi pamalo alionse. Anandiletsa kupekesa mikono ndikathira, anandiletsa kuthira pabulauzi yoyera chifukwa imachita mawanga, ndipo anachotsa chitinicho pawindo pamene ndinkachiika n'kuchilowetsa pansi pa zovala m'sutikesi, kuti dzuwa lisachiphe. Ndinatsatira zonse. Tsiku loyamba ndinadzinunkhiza pamkono dzuwa litapendeka ndipo ndinaseka ndekha panjira yochokera kukalasi.

Tchuthi cha Ogasiti chitafika, atate anadzandichingamira kumsewu ndi njinga. Ndinali nditanyamuka m'mawa, koma basi inachedwa kudzaza, kenako n'kudzatifera panjira, moti ndinatsika dzuwa likulowera kumitengo, ndili mbuu ndi fumbi. Atate anamanga chikwama changa pakaliyala ndipo tinayenda wapansi, iwo akukankha njinga. Anandifunsa nthawi imene ndinachoka kukoleji. Nditawauza anangoti "Oho," n'kupitiriza kukankha njinga mpaka kunyumba. Amayi kunalibe. Anali ku Bundabunda kwa mng'ono wawo amene amasoka, kukayesa diresi laukwati, ndipo ankayembekezeka Lachinayi.

Kutacha atate anandiitana kukhola. Anali atatsamira mtengo wa pakhomo la khola, akuyang'ana ng'ombe ngati sanazionepo. Anandifunsa za mayeso. Anandifunsa ngati kukoleji timadya mokwanira. Anandiuza za thole limene linabadwa ine kulibe, ndiponso za mphepo ya chaka chimenecho imene inasasula denga la khitchini ya anansi athu. Ndinadziwa kuti pali nkhani ina, chifukwa atate sanali munthu wochulutsa mawu m'mawa.

"Mama," anatero potsiriza, poti ndi mmene amandiitanira, "nifuna kukufunsa kanthu, koma usaniseke. Cija cinali kununkhila dzulo, unadzola m'mawa?"

Ndinavomera.

"Na fumbi yonse ija, cinafika mpaka madzulo?"

Ndinavomeranso. Anakanda kumutu, n'kuyamba kufotokoza akuyang'anabe ng'ombe. Anati tsiku laukwati adzavala jekete kuyambira m'mawa, mapemphero ndi aatali, ndipo iwo ndi munthu wa thukuta. Adzagwada pafupi ndi abusa, pafupi ndi amayi, anthu onse ali kumbuyo. Anati thupi lawo linalowerera fungo la khola ndi utsi, ngakhale atasamba ndi sopo wamtundu wanji.

"Amai ako akhala na munthu wonunkha ng'ombe zaka zonse izi," anatero. "Tsiku limodzi cabe nifuna aimilile pafupi na munthu wonunkhila."

Sindinaseke. Nanenso ndinayamba kuyang'ana ng'ombe.

Ndinawauza kuti sipuleyi yanga ndi ya akazi, ya fungo la maluwa, ndipo tiyenera kugula ya amuna. Anati zimenezo n'zoona, koma mbewu yachilendo munthu sabzala munda wonse asanaiyese. Lachinayi ankayenera kupita ku boma kukatenga jekete kwa telala ndiponso mphete. Ankafuna kudzithira yangayo m'mawa, apalase njinga kupita ndi kubwera, aone ngati fungo lingapirire thukuta lawo. Akafika ku boma fungo likadalipo, akagula yawo komweko. Anandilonjezetsa kuti amayi asamve, chifukwa ankafuna kuti adzadabwe patsikulo.

Lachinayi m'mamawa atate atasamba tinakumana kuseri kwa nkhokwe. Mwana wamkazi sangagwire khosi la atate ake, choncho ndinaima chapatali n'kumasonyeza pathupi langa, iwo akutsanzira. Anatapa mafuta ndi chala chawo chokakala, n'kudzola pamikono ndi kuseri kwa makutu mosamala ngati akuthira mankhwala pabala la ng'ombe. Pokanikiza chitini anatsinzina. Ndinawauza kuti kamodzi n'kokwana, koma iwo anati thupi lawo ndi lalikulu, anakanikiza kawiri paliponse, pakhosi katatu. Atafuna kupekesa mikono ndinawaletsa, ndipo anaima manja ali m'mwamba kudikira kuti ziume, nkhuku zikuwazungulira. Kenako anavala malaya, anakwera njinga n'kumapita.

Amayi anafika masana ndi diresi lawo m'chikwama cha pulasitiki. Linali loyera motuwirako, la manja aatali, lokhala ndi timaluwa tosokerera pachifuwa. Analivala m'chipinda n'kumatembenuka kuti ndione kumbuyo, akuseka ngati mtsikana. Anandiuza kuti mng'ono wawo analifupikitsa kawiri, ndipo nsapato zimene anawagulira mlamu wanga zimawathina koma adzapirira. Analipachika pamsomali kuseri kwa chitseko kuti makwinya atsike.

Atate anatulukira dzuwa litapendeka, akuimba mluzu. Malaya anali atanyowa kumsana. Podutsa pamene ndinkasankha ndiwo anaweramira pang'ono n'kunong'ona kuti, "Ikalipo." Sanafunikire kundiuza, chifukwa ndinali nditaimva kale akadali pa mtengo wa mango. Amayi anatuluka kukawalandira monga mwa masiku onse. Anagwira katundu amene anali pakaliyala, n'kuima. Ndinawaona akukweza mutu pang'ono, mphuno zikugwedera. Anayang'ana atate kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamasula katunduyo, n'kulowa naye m'nyumba.

Madzulo amenewo amayi anandituma ine kukapereka madzi osamba m'manja kwa atate, ntchito imene sankaipatsa munthu wina. Atate sanazindikire chilichonse. Anali okondwa, ankasimba za jekete, za mmene telala anawayamikira mapewa, za mlatho umene ankaukonza panjira. Amayi ankangoyankha kuti "Mm." Nditalowa m'chipinda ndinapeza diresi lachotsedwa pamsomali, lapindidwa n'kuikidwa m'sutikesi. Ndinapeza mpata wofunsa atate ngati anagula sipuleyi ya amuna. Anati analowadi m'sitolo, koma wogulitsa anali mwana wa mkulu wa mpingo wathu, ndiye anachita manyazi n'kugula mabatire a wailesi.

Kutacha ine ndi amayi tinapita kumjigo. Tinapeza kulibe anthu. Ine ndinkapopa, iwo atagwira chigubu, ndipo madzi anasefukira iwo osaona. Kenako anayamba kulankhula motsitsa mawu. Anati ndakula tsopano, ndine mkazi, pali zinthu zimene ayenera kundiuza. Anati atate anabwera kuchokera ku boma ndi fungo la mkazi, osati lapamalaya pokha ngati la munthu amene wakhudzana ndi wina pamsika, koma lapakhosi penipeni. Anati sanagone bwino. Anali atawerenga kale m'mutu akazi onse a ku boma amene atate amawapatsa moni, ndipo maganizo awo anaima pa mayi wina wamasiye wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi telala uja.

"Mphuno yanga ni yakale, koma siinafe," anatero. "Ngati ni conco, nikapangenji ku chalichi na diresi yoyela?"

Ndinayesetsa kudzigwira, koma nditaganiza za atate ataima kuseri kwa nkhokwe manja ali m'mwamba, ndiponso za mayi wa zitumbuwa amene sankadziwa n'komwe mlandu wake, phwete linandipulumuka. Amayi anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala. M'maso mwawo munali misozi. Kuseka kunathera pomwepo. Ndinawapempha kuti asenze chigubu apite kunyumba akandidikire, ndipo ndinathamangira kudimba kumene atate ankathirira repu.

Ndinawauza zonse mmene zinalili. Ndinati lonjezo lija andimasule, apo ayi ndiliphwanya ndekha. Atate anatula keni pansi. Anafunsa ngati amayi analiradi, ndipo nditavomera anasamba m'manja m'chitsime, anapukutira pathalauza, n'kutsogola. Panjira anandiuza kuti ndikafika ndikatenge chitini chija.

Tinapeza amayi atakhala pamphasa pakhonde, akutongola mtedza mwamphamvu. Atate anakoka kampando n'kukhala pafupi nawo. Analandira chitini kwa ine n'kuchiika pamphasa pakati pa makoko a mtedza.

"Amake ana," anatero, "mkazi wanga wa ku boma ni uyu."

Amayi anayang'ana chitinicho, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso atate. Atate anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene anadzanditenga kumsewu mpaka za mabatire, ndipo anasonyeza ndi chala malo onse amene anathira. Amayi anatenga chitini, anachotsa chivindikiro n'kununkhiza. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi malaya amene atate anavala dzulo lake. Ananunkhiza kolala, ananunkhiza chitini, kolala, chitini. Atatsimikiza anakhala pansi mwadzidzidzi n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anagona chammbali pamphasa, mtedza n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira. Akati atonthole, ankayang'ana atate n'kuyambiranso. Atate poyamba anakhala mwaulemu, akuyang'ana kumbali, koma mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo posakhalitsa tonse atatu tinkapukuta misozi.

Atapuma, amayi anakonza duku lawo n'kufunsa atate ngati pa zaka zonsezo anawamvapo akudandaula za fungo la khola. Atate anati ayi. Amayi anati ng'ombe zimenezo ndi zimene zalima minda ndi kuphunzitsa ana, ndipo munthu amene amanunkha ng'ombe ndi amene ali nazo. Anatola mtedza pang'ono n'kuwonjezera kuti komabe maganizowo ndi abwino, asawataye. Chimene sangalole n'chakuti mwamuna wawo akaime kutsogolo kwa mpingo akununkhira ngati mtsikana wa kwaya. Ya maluwayo idzakhala yawo, atate apezeredwe ya amuna. Madzulo ake diresi linabwerera pamsomali.

Ndinapita ku boma ndekha Lolemba n'kukasankha ya fungo lofatsa, longa la mtengo wongopala kumene. Amayi anandiuza kuti ndiwaphunzitse zonse zimene ndinaphunzitsa atate, ndipo anagwira msanga kuposa iwo. Funso lawo linali limodzi, ngati sipuleyi singadetse diresi. Nditawauza kuti azithira pakhungu n'kudikira kuti iume asanavale, anakhutira.

Loweruka laukwati kunacha ndi mphepo. Pakhomo panali patadzaza kale abale, ena ochokera ku Lusaka, ena ku Bundabunda, ndi azakhali anga, alongo awo a atate, amene anayenda ulendo wautali kuchokera kum'mawa. Azimayi anakonza zoti mkwati avalire nyumba ina, mkwatibwi ina, asaonane mpaka kutchalitchi. Amayi anamvera mpaka pamene anamva kuti atate atuluka kubafa. Pamenepo anadzimanga chitenje, anatenga chitini cha amuna ndi kabotolo ka mafuta, n'kudutsa pabwalo onse akuona. Azakhali anawakuwira kuti mwambo sulola. Amayi anayankha akuyendabe kuti munthuyo amuona m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu, ndipo akamusiya yekha athira chitini chonse. Ndinamva kudzera pawindo akuuza atate kuti aweramitse mutu, atate akupempha kuti pakhosi awonjezere, amayi akukana.

Tsiku limenelo abusa anadalitsa mabanja atatu, onse achikulire. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Atate anaoneka wamtali m'jekete yawo yakuda, ndipo ankayenda pang'onopang'ono ngati asenza mtsuko wodzaza. Atagwada kutsogolo ndinaona amayi akupendekera pang'ono kwa atate n'kuwanunkhiza, kenako mapewa awo anagwedezeka ndi kuseka. Abusa anadikira kuti amalize. Povekana mphete, ya amayi inakakamira pa mfundo ya chala chawo, chala cha khasu. Amayi anaikankha okha, azimayi n'kuyamba nthungululu abusa asanamalize mawu.

Kunyumba kunali mbuzi ziwiri, nkhuku, mpunga, ndi migolo ya munkoyo, chakumwa cha kwathu chonga thobwa, imene azimayi a mumpingo anakonza. Anthu anadya pansi pa mitengo ya mango, mphepo ikuulutsa mapepala. Kwaya inaimba, kenako achinyamata analumikiza zokuzira mawu ku batire ya sola ndipo gule anayamba. Atate, amene sindinawaonepo akuvina chibadwire, anakokedwa ndi azakhali kulowa m'bwalo. Anavina ndi mapazi okha, thupi lili chilili, jekete osavula ngakhale thukuta linkatsika m'masaya. Nyimbo itatha azakhali anawagwira paphewa, anawanunkhiza, n'kulengeza kwa onse kuti mlongo wawo akununkhira ngati bwana wa mu ofesi ku Lusaka. Dzuwa n'kuti litapendeka kale. Atate anandifunafuna ndi maso pakati pa anthu, ndipo atandipeza anagwedeza mutu kamodzi.

Patapita kanthawi ndinapita kuseri kwa nyumba kukatenga mbale zina. Ndinapeza atate ataima ndi atate aang'ono, mng'ono wawo, pamodzi ndi mmodzi wa akuluakulu amene anadalitsa nawo ukwati tsikulo. Atate anali atakwinya dzanja la jekete, akusonyeza pamkono. Ankawauza kuti chinsinsi chili pa mafuta, ndipo munthu asamapekese, komanso asamachulutse ngati akupopera thonje. Ankalankhula ngati anabadwa akudziwa zimenezo. Atandiona anatsokomola n'kundifunsa ngati alendo onse adya. Ndinati adya, ndinatenga mbale zanga n'kuwasiya apitirize.

Alendo a kutali anayamba kunyamuka dzuwa lisanalowe kuti akapeze magalimoto. Atate ndi amayi anawaperekeza mpaka kumsewu, amayi akadali m'diresi lawo, atamanga chitenje pamwamba kuti lisade. Ife tinatsala tikutsuka miphika ndi kusonkhanitsa mabenchi obwereka kutchalitchi. Anachedwa kubwerera. Pamene ndinkataya madzi otsukira kumpanda ndinawaona akubwera m'kanjira ka pakati pa minda yokololedwa, akuyenda pang'onopang'ono, akukambirana zinazake. Amayi anali opanda nsapato. Atate anali atazinyamula, imodzi m'dzanja ili, ina m'dzanja linalo.